Mwala Uli Kumutu Kwanu

Amayi, kodi mukugona bwanji kumeneko? Kuno tilipo, kungoti mawondo anga ayamba kulira ngati chitseko cha khola. Ndati ndikuuzeni inu za kuno, chifukwa amoyo ukawauza zoona amakwiya, ena amakakunenera. Inu mulibe kokandinenera.

Agnesi, mdzukulu wanu uja munamusiya akuphunzira kusinja, wachira. Mwana wamkazi, tamutcha Marita, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, koma kulira watengera kwa bambo ake. Kachewere wa kudimba la kumunsi anapsa ndi chiwawu, wa kumtunda ndiye tinakumbako. Chimanga chilipo, chitifikitsa patali alendo akapanda kuchuluka. Othawa nkhondo ku Mozambiki adzaza mbali yonse ya kumalire, moti nkhuni tsopano timakazifuna kuseri kwa phiri.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya manda anu. Mvula ya chaka chatha inakumba mbali imodzi, mtumbira unatitimira, mtanda wathabwa uja chiswe chinadya. Ndinati mvula ina isatipeze tisanamange chiliza, apo ayi tidzayamba kumaloza mongoganizira kuti amayi ali chapompano. Njerwa anaumba ndi kuwotcha Lazaro, mwamuna wa Agnesi. Chinatsala ndi simenti. Mukudziwa kuti galimoto kwathu kuno sifika, imathera kumsewu, kotsalako ndi phazi: kukwera thanthwe, kutsikira kukhwawa, kuwoloka mtsinje, kukweranso. Ndipo mawu anu aja sindinaiwale: "Za pamanda panga asadzasenze waganyu, adzasenze amene anayamwa bere ili." Amene tinayamwa tatsala awiri, ine ndi Bonifasiyo.

Eya, Bonifasiyo wanu, mzime, uja munkamubisira chiwindi cha nkhuku. Pano ndi a Bonifasiyo. Amatsegula geti ya bwana wina ku Lilongwe, ndiye akabwera kuno amayenda ngati nyumbayo ndi yawo. Ndinamuitanitsa, anabwera, tinatsikira limodzi pa Boma.

Ine mapazi anatha, Amayi. M'ming'alu yake mutha kubzalamo nyemba. Inu munalowa m'manda osavalapo nsapato, koma inu munali chitsulo, ine ndine dothi. Ndiye ndinati ulendo uno ndigule nsapato zoyendera, osati za ku Misa. Pachipata cha msika anyamata a malaya ofiira aja anatiimitsa, akuti tionetse khadi ya chipani. Anthu amene amayi awo ndinawathandiza ine pochira. Ndinaonetsa, ndinalowa, pakamwa nditatseka.

Ndinasankha monga munkasankhira mphika, osayang'ana maluwa ake koma kugogoda. Iliyonse ndinkaitembenuza kuona kunsi. Za pulasitiki ndinazikana, phazi limasambira m'thukuta ndipo padzuwa zimawotcha. Majombo ndinangowanyamula n'kuwabwezera, munthu sungasenze katundu pamutu wina kumapazi. Nkhwaila za matayala n'zolimba ndithu, koma zala zimakhala pamtetete, mwala umodzi chikhadabo chapita. Kumapeto ndinapeza za nsalu, zija amati tenesi, zamtundu wa phulusa, zonyansa zedi, koma zopepuka, kunsi kuli mano ngati chitsononkho. Ndinazipinda, zinapindika pomwe phazi limapindikira. Ndinaziyesa phazi litatupa kale ndi ulendo, n'kusiya kampata kutsogolo, chifukwa potsetsereka ndi katundu zala zimathamangira kumeneko. Ndinakapondaponda nazo pamiyala kuseri kwa msika, wogulitsa akunditsata pambuyo kuopa kuti ndithawa nazo. Ndi mawondo ati?

Bonifasiyo sanatembenuze n'komwe. Anangoona zachikopa zakuda, zosongoka ngati mlomo wa khwangwala, zowala moti ankadzioneramo mano. Kunsi kuli see ngati mbale. Zinkamuthina, akuti chikopa chimazolowera. Ndinamukumbutsa kuti njira ndi yomwe ija anakuliramo, sinasinthe. Anandiyankha kuti tsiku loti Abambo ansembe adzadalitse chiliza, mwini mbumba sangaime pamanda ndi nsapato za ana asukulu. Ndinangoti chabwino. Munkanena inu kuti chosankha diso amalira nacho ndi mwendo.

Simenti tinagula thumba limodzi, tinaligawa pawiri m'masaka, theka lake theka langa. Lole ya kachewere inatitula pamsewu. Iye ananditwika pamutu, lake anaika paphewa, tinauyamba.

Mukudziwa mwambo wa kwathu, nsapato imayenda pakhosi kapena pamwamba pa katundu, imavalidwa ukasamba mapazi pafupi ndi tchalitchi. Ndiye amayi amene tinkakumana nawo ankagwirana m'manja kuseka, akuti Filomena wapenga, akuthera nsapato zatsopano pamiyala. Aseke. Ine ndinagulira miyalayo. Bonifasiyo ndiye akanachita bwino kutsata mwambowo, koma mapazi ake anafewa ndi Lilongwe, komanso ankafuna mudzi wonse umuone akulowa. Pathanthwe ankagwedera ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Tisanafike kukhwawa zidendene zinali zitasupuka. Ndinamuuza avule, anati ine ndimakonda kulamula.

Pamtsinje miyala yopondapo ija ili ndi ndere monga kale. Ine ndinawoloka, mano a nsapato akugwira. Iye atafika pakati phazi linachoka, anagwa chagada, saka m'madzi, nsapato imodzi inavuka n'kuyamba kupita ndi madzi. Amayi, madzi ake olekeza m'mawondo. Saka linali pomwepo pambali pake, akanalivuula msanga m'kati mukanatsala mouma. Ine katundu ali pamutu, wonditula palibe, kuti ndigwetse ndekha saka liphulika. Ndinangokuwa kuti, "Bonifasiyo, thumba la amayi!"

Mwana wanu anathamangira nsapato.

Anaitsata mpaka kumabango. Pobwera ali nayo m'manja, akuipukuta ndi malaya, simenti inali itakhuta madzi. Sindinamutukwane, ndinatopa nazo kalekale. Analikokera pamtunda saka lija n'kulisiya pomwepo. Patapita masiku linauma gwa, mwala weniweni.

Theka langa linakwana kumangira njerwa ndi kupaka pamwamba. Kumutu, poyenera kuima mtanda, panalibe choika. Bonifasiyo anayamba zoti tidikire chaka chamawa, iye ali ndi ntchito, bwana wake samvetsa za kumudzi. Nsapato zake anali ataziyanika pakhonde. Ndinazitenga, ndinazitsekera m'bokosi langa, kiyi ndinamanga m'chiuno. Ndinamuuza pamaso pa abale kuti adzaziona mwala uja ukafika kumanda, ndipo afike nawo yekha, chifukwa Lazaro sanayamwe bere lanu. Anati ndine mfiti. Anati akandisumira. Ndinamuuza akasume, akafotokozenso kumeneko chimene anavuula poyamba. Palibe m'bale anamuikira kumbuyo, onse anangoyang'ana pansi.

Anapita, chosavala. Ndinamuona akukwera chitunda cha kumanda, mwala uli paphewa, akuponda ngati pansi pali moto, kupuma pamtengo uliwonse. Sindinamumvere chisoni. Ndinayesa, koma sizinabwere.

Ndiye mukamamva cholemera kumutu kwanu, musadabwe. Lazaro anauimika bwinobwino, anaulembapo dzina lanu ndi utoto woyera, kungoti mizere ya saka ikuonekabe. Abambo atabwera kudzadalitsa anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anauwaza madzi odalitsa. Bonifasiyo anaima patsogolo monga ankafunira, nsapato zili kuphazi, imodzi itakwinyika ngati chikopa cha mbuzi choiwalika padzuwa. Misozi inkatsika. Anthu ankanong'onezana kuti taonani mmene ankawakondera amayi ake. Ine ndikudziwa kuti zinali zidendene.

Mvula ibwere tsopano mmene ingafunire, simukokoloka. Tikakumba kachewere wina ndidzatsikanso pa Boma, ndekha, ndikatenge simenti ya mtanda, muzioneka ngati Mkhristu mnzawo wa anthu. Ndikulonjeza zimenezo, mawondo alire asalire. Koma mwalawo sindidzauchotsa, mtanda udzaima pambali pake. Chibadwire cha mwana wanu uja, ndi chinthu chokhacho chimene anakusenzeraniko.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale, ngakhale chiwindi simunkandipatsa.

Ndine mwana wanu,
Filomena