Wosachapa Sayankhula

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Chilobwe tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika ndi madandaulo asanakhale n'komwe pansi. Alamu anga, akazi a Lukasi, achira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Joana. Akayamba kulira mzere wonse wa nyumba umadziwa, ndiye musadandaule, pakamwa panu sipanatayike. Kumunda kwanu ku Nancholi chimanga chinachita bwino kumtunda, koma chakumunsi madzi anakokolola. Denga la khitchini likudonthabe, ndipo Lukasi akuti akonza mawa, mawa lomwe lija munalisiya.

Tsono nkhani yandilembetsa ndi iyi: andichotsa pampando wa kalabu yanu.

Kalabu ija munaiyamba ndi beseni limodzi, yoti amayi a dera lino tizisambitsa ndi kuchapira odwala amene alibe owasamalira, ikadalipo. Anthu akutitchulabe kuti amayi a mabeseni. Chichokereni inu ndakhala ndikuyendetsa msonkhano Loweruka lililonse pakhonde la tchalitchi, ndipo lamulo lanu sindinalisunthe: amene sanachape sabata imeneyo akhale chete. Munkati, "Pakamwa pazitsatira manja." Ngakhale ine amene, sabata imene ndinagona ndi malungo, ndinakhala duu pabenchi, msonkhano n'kuyendetsa wina.

Walira mvula walira matope. Ndine ndemwe ndinkalira kuti tikuchepa, ndipo ndine ndinaitana a Kalinde, mayi wa ku Nyambadwe amene amagula mankhwala pafamase imene ndimagwirapo ntchito m'tauni. Ndisawanamizire, si munthu woipa. Anabwera ndi galimoto, magolovesi, ndi sopo wambiri amene anakatipemphera kwa Mmwenye wina wa sitolo yopikulitsa ku Limbe. Kwa nthawi yoyamba tinasiya kuduladula sopo ndi mpeni.

Kenaka inakwana nthawi yawo yokachapa kwa a Nasibeko. Mukuwakumbuka, anzanu aja munkagulitsa nawo makala pamsika. Anafa ziwalo mbali imodzi, maso nawo akuchita khungu, ndipo ana awo onse ali ku Joni. A Kalinde anafika ndithu mpaka pakhomo. Anatsitsa wantchito wawo, mayi wamsinkhu wanga dzina lake Esinati, kumupatsa beseni, iwo n'kutsala m'galimoto akuyankhula pafoni.

Loweruka lake a Kalinde anakweza dzanja. Ine ndinati, "Pepani mayi, sabata ino simunachape."

Iwo anaseka. "A Tcheya, zofunda zinachapidwa kapena ayi? Ndinatuma munthu."

Ndinati, "Ndiye ayankhule amene munamutumayo."

Mayi wina ananyamuka. Anakamuitana Esinati kugalimoto. Anaima poteropo, maso pansi, n'kunena kuti, "Chonde amayi, nkhani zanuzi musandilowetsemo, ine ndili ndi ana." Anabwerera. A Kalinde anayankhulabe, chiimire, ine ndikuwaletsa. Maganizo awo anali akuti tilembe amayi awiri aganyu azichapa ndi kusambitsa odwala onse, ife tizingoyang'anira, ndipo misonkhano isamukire kuhotela m'tauni kuti kuzibwera anthu otha kuthandiza.

Chimene chinandipweteka si a Kalinde ayi. Ndi Anaphiri, amene munayamba nawo kalabuyi. Anaimirira movutikira n'kunena kuti, "Mwananga, ife misana yatha. Amako anali chitsulo, ife ndife anthu. Ukawathamangitsa awa, sopo ugula ndiwe?" Sabata yotsatira anachita voti. Manja anakwera, ena mwamanyazi, ena mothamanga. Lamulo lanu linagwa, ine n'kugwa nalo limodzi, ndipo mpando anapatsa a Kalinde.

Kunena zoona, ndinalira. Ndinalirira m'minibasi, kondakitala mpaka anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Koma kupepesa sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Anaphiri sindikuwada, msana ndi wawo. Chimene ndikukana n'chakuti munthu amene sanagwirepo chofunda chonyowa ndi mkodzo azitiuza mmene odwala athu asambire. Ameneyo sadziwa kuti a Nasibeko safuna madzi otentha kwambiri, kuti umayamba wawafunditsa chitenje usanawavule, kuti uziwacheza nkhani zamsika kuti aiwale manyazi. Zimenezi sizilembedwa papepala. Inu munkati wodwala si mbale yoti aliyense angotsuka.

Tcheya watsopanoyo ananditumizira uthenga pafoni. Akuti ndine wolandiridwa kumisonkhano, koma ndisamapite ndekha m'makomo mwa odwala chifukwa ndisokoneza pulogalamu. Pulogalamu! Ndinauwerenga uthengawo, n'kuika foni pansi, n'kuyamba kufunafuna beseni lanu lija lachitsulo.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga, ndinagula sopo wanga, ulendo kwa a Nasibeko. Aneba awo anandichingamira panjira. Akuti mayi waganyu anabwera kawiri konse, waulemu wake bwinobwino, koma agogowo anagwira chitenje chawo ndi dzanja lamoyo lija n'kukana. Akuti anati, "Sindivulidwa ndi munthu amene sindidziwa kwawo." Mayiyo anangochapa zofunda n'kumapita. Kuyambira tsiku la voti lija anali asanasambe.

Nditatsegula chitseko, fungo linandiuza zonse. Kumsana kunali kutayamba zilonda. Amayi, ndinatukwana chamumtima, Mulungu andikhululukire. Ndinatereka madzi pambaula, ndinawayesa ndi chigongono monga munandiphunzitsira, n'kugwada pamphasa. Beseni lanu lija ndinaliika pansi.

Anamva kulira kwa beseni pasimenti. Anatambasula dzanja, kundigwira pamkono, kupapasa mpaka kuzala. Kenaka anati, "A Joana, mwabwera?"

Ndinadziwa kuti sakunena khanda lathu. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti inu munatisiya, kuti iwo omwe anaimba nawo pamaliro anu asanadwale. Koma dzanja lija linali litasiya kale chitenje.

Ndinati, "Ndabwera."

Anati, "Mwachedwatu."

Ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta, ndinayanika zofunda padzuwa. Pochoka anali m'tulo.

Ndiye Amayi, mpando atenge, hotela apite, sopo wa ku Limbe adzigawire okha. Loweruka ndipita kumsonkhano wawo, ndikakhala kutsogolo, ndipo ndikakweza dzanja langa lothethekali kuti ndiwauze za msana wa a Nasibeko. Akafuna andiletse, tione amene angayambe. Mundiperekere moni kwa Ababa, muwauze kuti liuma lija ankandinena nalo lapeza ntchito.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa. Ndikulonjeza kuti malinga ndili moyo, wodwala aliyense wa m'Chilobwe muno akaitana dzina lanu, padzapezeka wovomera.

Ndine mwana wanu,
Marita