Tsiku Limene Ndinatsuka Mabokosi a Njoka

Lachinayi, 10 Okutobala

Mvula kuyambira m'mawa. Bondo lakumanzere likudandaula. Ndafika ku Maryhill kwa mdzukulu wanga Tisunge nditanyowa mpaka sokosi.

Mwana wa mwana wanga Grace ameneyu, wobadwira konkuno kwa azungu, amagwira ntchito ku famase, koma mtima wake uli m'kachipinda ka njoka. Ine amene ndinakula ndikuphwanya mitu ya mphiri ndi mpini wa khasu ku Ntcheu, lero ndikuphunzitsidwa kusinthira njoka madzi akumwa. Kukhalitsa n'kuona zambiri, abale.

Nsato zake n'zazing'ono, zofatsa. Ukaigwira imadzipinda ngati nkhata, mutu m'kati. Wandionetsa yamphongo imene amainyadira: theka la thupi loyera mbee ngati ufa, theka mawanga. Akuti imeneyo ndi paidi. Ina yachikasu ya timadontho takuda ngati nthochi yopsetsa, dzina lakenso banana. Zimenezo sindikutsutsa, ndaona ndi maso.

Chondivuta ndi tiana tisanu ndi kamodzi ta pa shelefu yapansi. Tonse tofiirira, mawanga akuda, palibe chodabwitsa. Akuti titatu ndi ana a paidi uja, tabisa kuyera m'magazi, tikadzakula tidzabereka ana ena oyera. Amatitcha maheti. Titatu tinato ndi wamba. Heti mmodzi, mtengo wa wamba atatu. Ndati andionetse kusiyana kwake. Iye: "Pakhungu palibe, agogo. Zili pa sitika." Ndaseka. Chimene diso lalephera, kapepala kachione bwanji?

Loweruka apita ku England ku chionetsero cha njoka. Wandisiyira kiyi. Madzi okha, akuti.

Lamulungu, 13 Okutobala

Madzi okha. Ndinamva bwinobwino.

Nditaweruka ku tchalitchi ndapita. M'kachipinda muja kafungo. Ndati mwana akabwera apeze poyera, adziwe kuti agogo ake sadya zaulere. Tiana tonse tisanu ndi kamodzi ndatiika mu beseni limodzi, n'kuvundikira. Mabokosi ndawaviika m'bafa, madzi otentha, sopo. Ndikuimba nyimbo ya ku kwaya.

Pokhuthula madzi, timapepala tikuyandama. Inki yonse yasungunuka.

Ndakhala pamphepete pa bafa nthawi yaitali. Zolembedwazo ngakhale zikanakhalapo, ndi Chingerezi, ine malemba anga ndi a sukulu ya kwacha, omwewa okhotakhota. Sindinaziyang'anepo n'komwe. M'beseni tiana tapiringizana ngati chingwe chimodzi. Ndatibwezera m'mabokosi mwachisawawa.

Chakudya chamadzulo sichinalowe. Grace ndamuuza kuti ndi mano.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tisunge wabwera. Waona mabokosi oyera opanda masitika, wagwira chitseko. Wayamba kulira, ngati amayi ake ali mwana.

Pamenepo pakamwa panga payamba ntchito yake. Pakamwa pomwepa pamene panandidyetsa pa maliro ndi pa maukwati zaka makumi asanu, anthu akuti abambo Eneya akayamba nkhani ngakhale mowa umazizira. Ndati usalire mwanawe, ine njoka ndimaidziwa pankhope. Aka ka chizindikiro cha khasu pakhosi kanali kumanzere, kwa maheti. Aka ka madontho awiri ngati maso a kadzidzi, kumanzere. Aka ka mzere wothyoka kumchira, kumanzerenso. Ndawonjezera ndi nkhani ya malume anga amene ankazindikira mbuzi zawo makumi anayi ndi mawanga okha.

Zizindikirozo zilipodi. Ndaziona pomwepo, ndikulankhula. Za kumanzere ndi kumanja n'zimene ndapeka.

Wapukuta m'maso, wandikumbatira. Watenga cholembera, walemba masitika atsopano monga ndanenera.

Lachisanu, 18 Okutobala

Dzuwa pang'ono. Mapiritsi a bondo atha.

Grace akuuza anthu pa foni: "Bambo ali ndi diso, apulumutsa ntchito ya mwana." Amayi a ku kwaya andifunsa kuti ndidzawafotokozere. Ndafotokoza. Ndipo yakoma, Mulungu andikhululukire, yakoma kuposa poyamba. Mbuzi za malume zafika makumi asanu ndi limodzi.

Tisunge waika zithunzi pa intaneti. Mayi wina wa ku Paisley, dzina lake Kate, akufuna maheti awiri aakazi. Adzatenga Loweruka la mawa lino likadutsa, pa 26.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Tisunge ndamufunsa mozungulira, tikusungunula timakoswe ta mufiriji todyetsa njoka. Ndati wogula amadziwa bwanji kuti wagula heti weniweni? Akuti sadziwa. Amaweta zaka zitatu, kudyetsa, kutenthetsa chipinda ndi magetsi odulawa, kenako kukweretsa, kudikira mazira. Akaswa n'kupezeka woyera, ndiye kuti sanamunamize. "Timagulitsa mawu athu, agogo, njoka ndi yongoperekeza." Watchula bambo wina amene anagulitsa wamba ngati heti. Lero ngakhale bokosi lopanda kanthu palibe angamugule.

Zaka zitatu. Ine ndili ndi zaka 79. Bodza langa lidzaswa mwina ine nditagona kale, ndipo wolumidwa adzakhala mwanayu. Kate adzatchula dzina la Tisunge, osati langa.

Mwina ndinalasa. Titatu mwa tisanu ndi kamodzi, munthu ukhoza kulasa mwangozi. Ndakhala ndikudziuza zimenezi mu basi njira yonse mpaka kwathu ku Springburn.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndapita kwa Tisunge iye ali ku ntchito. Ndatembenuza kamodzikamodzi pa windo. Anandiuzapo kuti ena amayang'ana timizere takuda m'mbali mwa mimba, pafupi ndi mchira, koma iye sazikhulupirira. Ndayang'ana mpaka misozi. Tinayi tili nato timizere. Kapena tisanu. Ka khasu pakhosi kandinyambita chala ndi lilime, kofatsa, sikadziwa kuti ndinakapatsa bambo amene mwina si wake.

Madzulo ndayesa kuuza Grace. Ndayamba bwino: "Mwana wanga, pali mlandu." Wasiya mbale, wakhala pansi. Sindikudziwa zakhala bwanji, ndapezeka ndikusimba za mlandu wa ng'ombe ya a Chimkwita wa mu 1974. Waseka mpaka kutsokomola.

Munthu wotani ine.

Loweruka, 26 Okutobala

Kate amayenera kufika 2 koloko. Ine 12 ndinali pakhomo. Tisunge anali atakonza kale timatumba tiwiri tansalu ndi mapepala a makolo a njokazo, atasayinira.

Ndanena ndili chiimire, jekete osavula, kuopa kuti ndikakhala pansi isanduka nthano. Mawu ochepa kuposa onse amene ndinalankhulapo. Sindikudziwa kuti heti ndi kati. Ndinapeka.

Wandiyang'ana. Wafunsa ngati pali kamodzi kokha kamene ndikukumbukira. Pakamwa panayamba kutseguka, ka khasu kaja kanali kale pa lilime. Ndapukusa mutu.

Waimbira Kate foni ine ndili pomwepo. Chingerezi chawo chothamanga chija, ndatolamo mawu opepesa aja akuti sore katatu. Kate anali atanyamuka kale, atagulanso mabokosi ndi magetsi ake. Mawu ake amamveka mpaka pamene ndinaima. Kenako Tisunge wamatula masitika onse asanu ndi limodzi ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, wang'amba mapepala aja. Sanakalipe. Kukalipa kukanandipepukira.

"Mukananena tsiku lomwelo, agogo, ndikanangolira n'kuiwala."

Akuti tonse tigulitsidwa ngati wamba, wina adzapeza mwayi wake osadziwa. Ntchito ya paidi ya chaka chino yapita m'madzi a m'bafa.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ana avala zigoba za mizukwa mumsewu monse, akuti ndi mwambo wa kuno tsiku la lero. Amayi a ku kwaya andifunsanso za mbuzi. Ndati ndaiwala.

Tisunge anandiitana kuti ndidzamugwirire chivundikiro podyetsa njoka ya banana ija. Ndinasangalala, ndinameta ndevu. Koma basi yafera pa Maryhill Road, utsi kumbuyo, tonse tatsika, ndayenda ndi bondo langali mphepete mwa ngalande mpaka kwake. Ndafika mochedwa ola lathunthu.

Ndayamba kumufotokozera, dalaivala mmene anatukwanira, mayi amene anali ndi galu wovekedwa juzi. Kale akanasiya zonse n'kukhala pansi. Lero maso ali pa khoswe ndi chopanira chake. Wafunsa mofatsa, osati mwachipongwe, kungofuna kudziwa: "Zoona zimenezo, agogo?"

Zinali zoona. Basi inafadi, galu analidi ndi juzi yofiira.

Ndagwira chivundikiro, nkhani ndaisiyira pomwepo.