Tadala atsika mumgodi mawa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana nthaka inagwedezeka kuno ku Soweto, mawindo mpaka kulira. Madzulo mwana wanga wamkazi Tadala atabwera kuchokera ku yunivesite, anandiuza kuti mawa atsika mumgodi kukatenga miyala pamng'alu umene waterereka n'kugwedeza nthakayo.

Nditafunsa ntchito ya miyalayo, anasanjikiza njerwa ziwiri pakhonde n'kumakankha yapamwamba. Inakana, inakana, kenaka inalumpha mwadzidzidzi.

"Chivomezi n'chimenechi, Ababa. Tikayeza mmene miyala imagwirirana isanatsetsereke, tidzaika zimenezo mukompyuta yomwe timagwiritsa ntchito limodzi ndi anzathu a m'mayiko ena. Panopa pamenepo timangopenekera."

"Amuna atha kuti mpaka utsike iwe?"

"Eish, Ababa! Inu munatsika muli ndi mitu iwiri?"

Ndinangomuuza zimene tinkauzana kumgodi, kuti timiyala tikayamba kuyoyoka asayang'ane kumwamba, athawe.

Malemu amayi ake akanalira, ine n'kumawatonthoza kuti mwana abwera. Lero woti ndimuuze mawu amenewo palibe. Ndapukuta majombo ake, ndawaika pakhomo. Ndinafuna kuwabisa.