Nkhoswe ya m'galasi

Lolemba, 3 Juni

Ndakwiya moti lero ndadzibaya ndi singano ngati wophunzira kumene kusoka. Bambo a Joice andionongera tabuleti.

Dzulo anaitenga n'kupita nayo ku esiteti ya tiyi, ati ku ofesi kuli waifai yaulere, akaipange apudeti kuti ikaoneke yatsopano pamaso pa alendo. Anawatuma ndani? Chinthu chakhala chikugwira ntchito bwinobwino chibwerereni kuchokera ku Joni, mwana wathu Joice asanamalize n'komwe sukulu. Lero ndaiyatsa pakhonde pomwe ndimasokera kuti ndimuonetse kasitomala masitayilo a madiresi, pangotuluka kanthu kozungulira pakati pa galasi. Kuzungulira, kuzungulira. Mayiyo wadikira mpaka watopa, wapinda nsalu yake, ulendo kwa telala wa kuseri kwa msika.

Madzulo ndawafunsa. Ati, "Inalemba yokha kuti apudeti ilipo, ine ndinangodina eya." Ikanalemba kuti kadziponyeni mu mtsinje wa Ruo, akanadinanso eya?

Chikundipweteka si kasitomalayo. Loweruka likubwerali akwawo kwa Evance, mnyamata wa Joice, akubwera kuchokera ku Chitakale kudzaonana ndi nkhoswe yathu kuti za chinkhoswe ziyambike. Nkhoswe yathu ndi achimwene anga a Morton, ndipo a Morton ali ku Joni. Tinapangana kuti adzayankhula pa vidiyo, pa tabuleti yomweyi imene anatitumizira okha. Ndiye wina wakaidyetsa apudeti.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndaiyatsa, ndatereka madzi, awira, tiyi ndamwa, makapu ndatsuka. Iyo ikadaganizabe. Ndaipatsa dzina, ndi Agogo tsopano.

Bambo a J. ati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndawauza kuti nkhono yawoyo ndiyo ndiwo zawo lero.

Lachinayi, 6 Juni

Chiperoni chikuchita kulowa m'mafupa. Agogo nawo batire ikutha asanachite kanthu, kumbuyo kukutentha ngati simbi.

Ndawaimbira a Morton pa kafoni ka mabatani ka bambo a J. Ndati achimwene, chinthu chanu chija chadwala, bwanji tibwereke foni kwa aphunzitsi apafupi apawa? Akana. Ati foni galasi lake ndi laling'ono, alendo asawaone ngati kachithunzi ka pa chiphaso. "Yomweyo, chemwali, yomweyo. Osadandaula, ndidzakhalapo." Ndafuna kuwafunsa zina, ati ali pantchito.

Masana watulukira Bryson, chitsiriza wathu, kuchokera kuphiri, ku Chambe, komwe amadzala mitengo. Magambuti odzaza matope, jekete kununkha utsi. Wamva za Joice. Wakhala pachitseko kundiyang'ana ndikulimbana ndi Agogo, kenako akuti, "Chemwali, ngati makinawo akuvuta, ine ndilipo. Inenso ndine malume ake."

Ndaseka, sindikubisa. Bryson nkhoswe? Munthu woti ndinamubereka kumbuyo ndekha, wotha mwezi m'phiri osaona sopo. Ndamuuza kuti nkhoswe ndi wamkulu, ndipo wamkulu ali moyo. Iye akafuna kuthandiza abwere Loweruka adzawaze nkhuni. Wangoti chabwino, wamwa tiyi, wapita.

Loweruka, 8 Juni

Manyazi a lero sindidzawaiwala mpaka m'manda.

Ndinaiyatsa kusanache bwino kuti alendo aipeze itadzuka. Ndinaiika pampando wabwino uja, kansalu koluka pansi, kumbuyo ndatsamiritsa mtsamiro. Alendo afika: a Nampinga, malume ake a Evance, munthu wamkulu wa jekete yakuda ndi chipewa pabondo, ndi mayi wina mlongo wawo. Tapatsana moni. Ndadina kuti ndiimbe. Kanthu kozungulira kaja.

Tadikira. Bambo a J. ayamba nkhani ya mvula, yatha. Ayamba ya mitengo ya feteleza, yatha. Kenako nkhope ya a Morton yatulukira, kukamwa kuli yasa. A Nampinga, mwaulemu wawo, awerama pang'ono n'kuipatsa moni tabuleti. Yankho lafika iwo atakhala kale tsonga, lodukaduka ngati wailesi yotha mabatire.

Ndiye a Nampinga afotokoza chomwe abwerera, bwinobwino, mwamwambo. Pomaliza afunsa, "Kodi inu ndi amene mukumuimira mwana uyu, pa zabwino ndi pa zovuta?" Nkhope ija yangoti njo, osagwedezeka. Ndaigwedeza, ndaipukuta ndi chitenje, ndatuluka nayo panja kuiloza kuphiri. Palibe. Kenako yazima yokha.

A Nampinga sanakweze mawu, ndipo bola akanakalipa. Ati, "Mayi, nkhoswe ndi munthu amene timakamugogodera ana akayambana. Uyu tidzamugogodera pati? Tsiku la chinkhoswe tambala wathu adzamulandira ndi manja ati? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ati abweranso Loweruka likubwerali. Zikadzateronso, iwo adzadziwa kuti mwana tikumukaniza, kungoti tikusowa ponenera.

Kumukaniza! Ine amene diresi ndayamba kale kudula!

Chakudya angolawa. Joice wadzitsekera kuchipinda. Bryson wawaza nkhuni zonse kuseri, wazisanja bwino, wapita osatsanzika.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi sindinamve ngakhale vesi. Ndimangoona kanthu kozungulira.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndatseka makina, ndapita nayo kwa Abdul wokonza mafoni pa Limbuli. Waitembenuza uku ndi uku, akuti, "Amayi, iyi ndi yakale. Apudeti imeneyi anapangira zatsopano. Zili ngati mwasenzetsa nkhalamba thumba la feteleza." Ndati ndiye itule thumbalo. Akuti sizitheka, ikalowa yalowa, njira yobwerera anatseka eni ake. Ndati nanga anaitumiziranji ku chinthu choti sichingakwanitse? Waseka. Akuti, "Kuti mugule china."

Ndiye pali anthu kwinakwake, okhuta, okhala m'maofesi ozizira, amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti tabuleti ya Estele wa pa Limbuli yakwana, ife basi. Osandifunsa. Makina anga osokera anali a mayi anga, mpaka lero akusoka, palibe amabwera usiku kudzawathira mchenga kuti ndigule ena. Ndanena zimenezi mokweza mpaka anyamata a kabaza anasonkhana pakhomo.

Abdul akuti chomwe angathe n'kuipepuza, kuchotsa zonse zili m'katimo kuti ipume. Zonse. Zithunzi za masitayilo zomwe ndakhala ndikusonkhanitsa zaka zonsezi, madiresi omwe ndinasoka ndekha, akwati anga onse. Akuti akanazisunga pa kompyuta, koma yake inapsa ndi magetsi. Khadi losungira akuti mu tabuleti yangayi mulibe polowetsa.

Kenako ndakumbuka chitseko cha Joice chotseka chija. Ndati fufuta.

Wafufuta ndikuona.

Lachitatu, 12 Juni

Kasitomala wafuna kuona sitayilo ya manja otukumuka. Ndamujambulira ndi choko pa thebulo. Wati, "Chimenechi ndi diresi kapena mphika?" Ndamuyankha zoti sindingalembe muno.

Joice sakudya. Akuti Evance wamuuza kuti mayi ake ayamba kuyankhula, ati banja la anthu a ku Joni limadzimva, mwina akufuna mkamwini wa galimoto. Ife? Denga lathu likudontha pamwamba penipeni pa bedi.

Bambo a J. akuyenda monyang'ama m'nyumba muno. Andigulira mandasi. Ndadya, koma sindinawakhululukire.

Lachisanu, 14 Juni

Agogo atsitsimuka pang'ono. Kuyatsa akuchedwabe, koma akadzuka akuyenda. Ndayesa kumuimbira Doris, msuweni wanga wa ku Limbe, taonana bwinobwino, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi, mpaka wandionetsa mwana wake akukwawa. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Ndawaimbira a Morton kuti tiyeserere. Yaitana mpaka yatopa. Ndaimbanso, chimodzimodzi. Madzulo kwabwera uthenga wa mawu awiri: "Mawa, chemwali."

Bryson wabweranso, osaitanidwa. Akuti nkhuni zija zingakhale zitatha. Wagona pa mphasa kukhitchini.

Loweruka, 15 Juni

Za lero ndizilemba ndithu.

Mpando womwewo, kansalu komweko. A Nampinga afika ndi jekete yomweyo, nkhope yosaseka. Ndadina, mtima uli m'mwamba. Yalumikiza nthawi yomweyo! A Morton ali apo, malaya oyera, kumbuyo kwawo windo lokhala ndi katani yobiriwira. Moni wapita, moni wabwera, osadukiza. Afunsana za kumudzi, za kuzizira. A Nampinga mpaka anamwetulira. Bambo a J. anandiyang'ana ngati apudeti yawo ija ndiyo yachita zimenezi.

Kenako funso lija. "Kodi inu ndi amene mukumuimira mwana uyu, pa zabwino ndi pa zovuta?"

Nkhope njo.

Bambo a J. ati, "Yaumanso." Ndinaitola pampando kuti ndiimenyetse pansi, ife ndi iyo tithane lero lomwe. Ndili chiigwirire pafupi ndi maso, ndinaona katani ija. Imagwedezeka. Mphepo imaikankha, n'kubwerera, n'kuikankhanso. Chithunzi chouma katani yake sigwedezeka.

Ndinayang'anitsitsa nkhopeyo. Anayesetsa ndithu, munthu wamkulu ndi imvi zake, kukamwa atasiya kotsegula pang'ono. Koma diso linawatopera.

Ndinati, "Achimwene, ndakuonani mukuphethira."

A Morton anatsitsa maso, n'kupukuta kumaso ndi dzanja. Mawu anamveka bwino lomwe, ngati ali pampando pomwepo. "Chemwali, ine sindingathe. Mapepala anga anatha kalekale, ndikatuluka kuno sindilowanso. Kuno ndili ndi ana. Kumudziko sindibwera, ngakhale pa chinkhoswepo. Ndimasowa pokuuzira."

Amasowa pondiuzira. Ndatukwana bambo a J. sabata ziwiri, ndatukwana anthu a m'maofesi osawadziwa, ndafufutitsa akwati anga onse, mwana wanga wawonda, iwo akusowa pondiuzira. Mpaka pano sindikudziwa kuti Loweruka latha lija inauma ndi tabuleti kapena iwo, mwina anathandizana. Anali akuyankhulabe, zoti atumiza kenakake kothandizira. Ndinaivundikira chafufumimba pamphasa. Mawu ankatulukabe pansipo mpaka analeka.

A Nampinga anatenga chipewa pabondo. Ndinamva chitseko cha kuchipinda chikulira, ndinadziwa kuti Joice wamva zonse. Koma a Nampinga sanaimirire. Anachitembenuza chipewacho m'manja, n'kunena osayang'ana aliyense, "Nkhwangwa ikulira kuseriyo, Loweruka latha ndinaimvanso. Ndi waganyu?"

Ndinati ayi, ndi mlongo wanga, bere limodzi.

Ati, "Ooh." Basi. N'kubweza chipewa pabondo.

Ndinatuluka. Kuseri kunali kamvula ka chiperoni, Bryson ali chiweramire pa chipika, malaya atanyowa kumsana. Ndinafuna kumuitana dzina monga ndimachitira, koma silinatuluke. Ndinagwada pamatope pomwepo, ndi chitenje changa chatsopano.

Ndinati, "Achimwene, alendo akudikira malume ake a mwana."

Anandiyang'ana. Ndimayembekeza kuti andikumbutsa kuseka kwanga kuja, ndipo ndikanavomera. Anakhomeka nkhwangwa pa chipika, n'kuyang'ana magambuti ake, n'kuyang'ana manja ake.

Akuti, "Tandipatsani sopo. Ndipo alamu ali ndi jekete ina?"