Simenti ya a Wilf

Lolemba, 2 Okutobala

Mvula osakata. Ndowa zonse za m'tchalitchi zadzaza, ndakhuthula ndekha, msana uwu. Nkhunda ina yafera pa limba. Chithereni mapemphero kuno kwa Oswin Woyera kiyi ali ndi ine, ndipo pamudzi pano amandiona ngati mutu sukuyenda. Mnzanga Enid akuti ndimasesera akangaude. Mwiniwakeyo amapemphera m'tauni, kumene kuli kofunda ndiponso makeke.

Lachinayi kubwera munthu wa bungwe losunga matchalitchi akale. Akachitenga, chikhala. Akakana, a dayosizi agwetsa.

Lachinayi, 5 Okutobala

Wabwera. Bambo Lockwood, wachichepere, nsapato zosadziwa matope. Ndinamupatsa tiyi wa m'fulasiki ndi mbiri yonse. Chinamangidwa mu 1868. Josiah Hebble, mwini fakitale ya ubweya, amene antchito ake ankawalipira timakobiri koma Mulungu anamumangira nsanja yoonekera kumsewu waukulu. Mazenera osongoka pamwamba, matailosi ofiira ndi akuda. Zenera la magalasi amitundu lokumbukira mwana wake Harriet, amene anafa ndi chifuwa asanakwatiwe. Dzuwa likapendeka, buluu wa diresi lake amagwera pa benchi yathu. Mnyamatayo anakondwa nazo zonse, ine mtima m'malo.

Kenako panja, khoma la kumadzulo. Anagwira mwala, unangoyoyoka ngati shuga. Akuti mwala wamchenga umafuna kumatidwa ndi laimu kuti uzipuma. Wina anamata mipata yonse ndi simenti, ndiye madzi akalowa satulukanso, chisanu chikabwera mwala umasweka mkati. "Amene anachita izi ndiye anapha tchalitchichi, Mayi Garbutt. Mwina ankafuna zabwino."

Ndinangoti tiyi wazizira.

Lamulungu, 15 Okutobala

Sindinapondeko kutchalitchi chichokereni Bambo Lockwood.

Anamata simentiyo ndi amuna anga, a Wilf. Chilimwe chotentha chija cha 1976. Akaweruka kufakitale, pamakwerero, malaya atavula, msana utapsa kuti psu. Simenti ankagula ndi ndalama zathu za ulendo wa kunyanja, ine n'kumalalata pansi. Abusa anawathokoza paguwa, mpingo wonse m'manja, iwo manyazi mpaka m'makutu. Ankati, "Ili silidzagwa, Dot, ngakhale ulikalipire ndi lilime lakolo."

Agona m'manda, m'munsi mwa khoma lomwelo. Ndawakwiyira ndiponso ndawasowa, zonse nthawi imodzi, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Enid akudziwa, anali pomwepo akugwira makwerero. Lero wabwera ndi supu wa nandolo, wakamba za bondo lake, za mphaka wake, za khoma ayi. Bola akanandinyoza monga mwa masiku onse.

Lachiwiri, 7 Novembala

Akana. Pafoni, mwaulemu wotopetsa. Akuti khoma lokhalo lingadye zimene zingapulumutse matchalitchi ena angapo. Zenera la Harriet lipita kosungira zakale, belu kwina. Manda sawakhudza, akutero.

Mwana wanga Gillian akuti ndisamukire kwake ku Leeds. "Amayi, ndi miyala chabe." Anabatizidwa m'miyala yomweyo, akulira mpaka abusa anaiwala dzina.

Gasi wofunditsira nyumba wakweranso mtengo. Ndayatsa chipinda chimodzi.

Loweruka, 25 Novembala

Chisanu, udzu wonse mbuu. Ndinatenga hamala ndi chitsulo chogobera cha a Wilf m'shedi. Maganizo anga akuti ndikachotseko simentiyo, ngakhale malo ochepa ngati chikhatho, khoma lipumeko kamodzi lisanagwe. Uchitsiru wa nkhalamba, ndikudziwa, palibe chimene chikanasintha.

Ndinamenya mpaka manja dzanzi. Mwala wa Hebble umangogwa wokha, zidutswa pamanda a Wilf. Simenti osagwedezeka n'komwe. Ili gwa, mizere yowongoka bwinobwino, ngati yamatidwa dzulo. Ankaidziwa ntchito bamboyo, ankangoidziwa molakwika, ndipo tonsefe tinkawomba m'manja.

Ndinasesa pamanda ndi golovesi. Chakumunsi kwa khoma, pamene ankamalizira atagwada, pali chidindo cha chala chawo chachikulu. Zaka zonsezi ndimadutsa osachiona. Ndinawauza kuti munanena zoona bambo, yanuyi sinagwe, chagwa n'china chilichonse. Ndinaikamo chala changa. Kuzizira.

Lolemba a dayosizi abwera ndi mpanda wawaya, ndipereke kiyi. Ndowa sindinakhuthule.