Mawindo Amene Ndinatseka

Tshabalala,
Bulawayo.

Wokondedwa Evelina, mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joni kumeneko, ndipo miyendo yako yasiya kutupa. Mabwana ako akukusunga bwino? Katundu uja unatumiza pa malayitsha, a galimoto zonyamula katundu ndi anthu aja, anafika, nsapato zamukwana Nobuhle wako. Kuno tilipo, koma ndikanena kuti tonse tili bwino ndikhala ndikukunamiza, ndipo kunama ndatopa nako.

Khala pansi kaye usanapitirize.

Alamu ako a Petros anabwera kuchokera kokumba golide kuja atatha thupi, akutsokomola ngati galimoto yokana kulira. Kuchipatala atapima makhololo anati ndi TB. Anamwino anawapatsa mankhwala, nandiuza mwachindunji kuti mawindo azikhala otsekula, komanso kuti aliyense wa m'nyumbamo apite akapimidwe. Ndinavomera zonse ngati munthu wanzeru.

Koma umawadziwa anthu a mu laini mwathu muno. Aida, mayi uja ankagulitsa samusa pafupi ndi ine pageti la sukulu, atangomveka kuti mwana wake ali ndi chifuwa chachikulu, makolo analetsa ana awo kumugula. Lero akuchapa zovala za anthu ku Sizinda. Ine ndinayang'ana beseni langa la magwinya, mandasi aja amatidyetsa tonse m'nyumba muno, mtima unandithawa.

Ndiye ndinauza anthu kuti a Petros anabwerera kumigodi. Ngakhale amayi a kumvano ndinawauza zomwezo, maso ali gwa.

Bodza limafuna ntchito, mwana wa mayi anga. Munthu amene ali kumigodi sangamveke akutsokomola ku Tshabalala. Ndinatseka mawindo, ndinakokera makatani, wailesi ndinkaikweza. A Petros ankadandaula kuti m'nyumba mukutentha ngati mu uvuni, ine n'kuwakalipira kuti asankhe pakati pa mphepo ndi chakudya. Nyumba yathu ukuidziwa, zipinda ziwiri, khomo lapakati lopanda chitseko. Nobuhle amachitira homuweki yake momwemo. Kukamupimitsa sindinapite naye, poopa kukumana ndi ondidziwa pamzere. Ndinangomulumbiritsa kuti asauze munthu kuti m'nyumba mwathu muli wodwala.

Evelina, Nobuhle ali ndi TB.

Aphunzitsi ake ndi amene anandiitana, ati mwanayu akuwonda ndipo akumagona m'kalasi. Titafika kuchipatala, anamwino anamufunsa ngati kunyumba kuli wina amene akutsokomola. Mwana wako anandiyang'ana, kenako anayankha m'Chindebele chake chija kuti kulibe, abambo aakulu ali kumigodi. Anayankha bwinobwino, mmene ndinamuphunzitsira. Ndinalira pomwepo, ndikuulula zonse pamaso pa anthu omwe ndinkawathawa aja. Akuluakulu sananame, ukabisa matenda maliro amaulula. Ine ndiyamika Mulungu kuti zaululika maliro asanafike.

Wayamba mankhwala. Anamwino akuti achira, bola asadumphitse ngakhale tsiku limodzi mpaka amalize. A Petros nawo ayamba kudya bwino. Magwinya sakuyendanso, koma zimenezo zisakudetse nkhawa, sindikukulembera kuti unditumizire kanthu.

Pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti ukawerenga kalatayi uyimbira malayitsha kuti adzamutenge, ndipo ine nditakhala iwe ndikanachita chimodzimodzi. Chonde usatero. Iwe wekha unandiuza kuti kumeneko umaopa kuponda kuchipatala chifukwa cha mapepala. Akachoka kuno, mankhwala adukiza panjira. Nditukwane, undiuze kuti si ine mkulu wako, ndilandira. Koma mwanayu musiye amalize, kenako udzamutenge ngati sundikhulupiriranso.

Chimene chikundidya mtima n'chakuti pobwerera kuchipatala kuja, tili mu kombi, Nobuhle anandigwira dzanja n'kundipepesa. Anati anayesetsa kumatsokomolera m'juzi kuti aphunzitsi asamve, koma chifuwa chinamukanika. Anafunsa ngati ndakwiya naye. Unandisiyira mwana kuti ndimulere, ine ndamuphunzitsa kupepesa chifukwa chodwala.

Umuimbire foni, umuuze wekha kuti sanalakwe. Ine ndamuuza, koma sakundikhulupirira.

Upereke moni kwa achimwene a Griffin ndi alamu akazi awo. Mulungu akusunge kuchilendoko, ndipo akupatse mtima woti tsiku lina udzandiyankhe.

Ndine mkulu wako,
Fainess