Dzina la Kuseri kwa Thabwa

Nagoya,
pa 22 Juni.

Kwa mwana wanga Shinsaku,

Ndine bambo wako. Ndikufuna kumva za moyo wako, wa mkazi wako Harumi ndi wa ana, komanso ngati phewa limene mlongo wako ankanena lija linapola. Kuno tilipo. Mawondo okha ndiwo andikana, ndipo maso saonanso zilembo, choncho amene wagwira cholembera ndi mlongo wako Fumie. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi, mawu okometsa sindiwadziwa.

Ndili ndi ana atatu ndipo palibe amene anandichititsa manyazi. Mkulu wako Masaharu wapuma pa ntchito ali mphunzitsi wamkulu ku Gifu, anthu amamugwadirabe mumsewu. Fumie ndi mkulu wa anamwino pachipatala chake, madokotala achinyamata amamuopa. Iwe uli ndi kampani yakoyako ku Kushiro yoika mawindo a aluminiyamu, ndipo ndamva kuti antchito ako afika asanu ndi awiri. Zimenezi ndimauza aliyense. Dokotala wa mawondo anatopa nazo.

Tsopano umve chimene ndakulembera.

Lachiwiri lapitali Fumie ndi mlamu wako Noboru ananditenga kupita kwathu ku Hida, akuti ndikapitidwe mphepo. Zinali zitakwana zaka zisanu ndi chimodzi ndisanapondeko. Sitima inatenga maola awiri ndi theka, ndipo ndinatsika msana utauma ngati thabwa lakale. Pa siteshoni Noboru anabwereka mpando wamateyala. Ndinaukana. Ndinayenda ndi ndodo mpaka pa mlatho wofiira, pamenepo ndinakhala pampandopo ndekha popanda wondiuza. Noboru ndi munthu wabwino, anangoyang'ana kumbali.

Msewu wa nyumba zakale uja sudutsikanso. Anthu phewa ndi phewa, aliyense foni m'mwamba, zilankhulo zoti sindinazimvepo. Munthu ukakhala pampando umangoona zikwama ndi malamba. Fumie anali ndi kapepala ka mapu, n'kumandiwerengera mayina a misewu imene ine ndinkasenzamo matabwa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinamusiya awerenge, anali atakonzekera sabata yonse.

Nyumba yathu yosemera ija tsopano amagulitsamo khofi ndi ayisikilimu. Mitanda ya kudenga ndi yomwe ija, angoipaka mafuta kuti iziwala. Mayi wogulitsa anatiuza mwaulemu kuti mipando ndi ya ogula okha, Noboru n'kugula makapu atatu. Ndinamwa khofi wowawa pamalo penipeni pamene panali benchi yako, pafupi ndi windo. Masana anandidyetsa miso, phala lija la soya lamchere, wowotcha pa tsamba. Amayi ako akanaseka, ophikawo anachita kuthiramo shuga.

Pofika cha m'ma thu koloko ndinali nditatopa kale. Ndinapempha kuti tibwerere, koma Fumie anati chachikulu sitinachione, matikiti anagula kale. Anandikankha mpaka ku nyumba yoonetsera ngolo zosemedwa zimene amazikoka mumsewu pa chikondwerero. Chaka chino ya dera lathu ili m'katimo, kuseri kwa galasi, magetsi akuiwalira mbali zonse. Anaitembenuza kuti thabwa lakumbuyo lizioneka, lija la nsomba ziwiri zokwera mathithi.

Tili pomwepo panafika mayi wotsogolera alendo, wa jekete yobiriwira ndi kambendera m'manja, anthu ngati makumi awiri akumutsatira. Anati thabwa ili analisema mmisiri wotchuka, malemu a Genzo Shimohata. Malemu, ine ndili pambali pake ndikupuma! Fumie anafuna kukweza dzanja, ndinamutsina.

Mayiyo anapitiriza. Anati taonani mamba, palibe awiri ofanana, taonani mmene mchira wa nsomba yam'munsiyo wapindikira ngati ikulimbana ndi madzi enieni. Akuti zotere mnyamata sangazithe, limeneli ndi dzanja la munthu amene wagwira tchizulo zaka makumi anayi. Anthu anagwedeza mitu n'kuyamba kujambula. Bambo wina anandipempha kuti ndisunthe mpando pang'ono chifukwa ndinkatchinga. Ndinasuntha.

Fumie ankaganiza kuti ndakwiya chifukwa andipha ndili moyo. Sizinali zimenezo.

Iwe nkhaniyi ukuidziwa, koma ndikufuna ikhale pa pepala. Chaka chija akuluakulu a dera atandipatsa ntchito ya thabwalo, ndinadzitema chala chachikulu chakumanja ndi nsompho sabata yachiwiri. Kuchokera pamenepo sindinagwire tchizulo mpaka nyengo yozizira itatha. Nsomba ziwirizo unazisema ndiwe, kuyambira kumutu mpaka kumchira, uli ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ine ndinkangoima kumbuyo kwako n'kumakalipa.

Mwambo wathu unali woti ntchito yotuluka m'nyumba ya mmisiri imatenga dzina la mwini nyumba. Ine ndinasemera abwana anga zaka khumi ndi zisanu dzina langa osaoneka paliponse. Koma iwe ndinakulonjeza, amayi ako akumva, kuti kuseri kwa thabwalo tidzalemba mayina awiri. Tsiku lolemba litafika ndinaviika burashi mu inki, ndinalemba langa, ndinatsuka burashi.

Chimenecho mwina ukanachipirira. Koma pa phwando lopereka thabwalo, mkulu wina atafunsa kuti nanga mnyamatayu anathandizako chiyani, ndinayankha kuti ankanola matchizulo ndi kusesa. Anthu anaseka. Iwe unali utagwira botolo la mowa wa mpunga, ukuthirira alendo, ndipo unapitiriza kuthira mpaka mzere wonse unatha. Mwezi wotsatira unakwera sitima. Pa maliro a amayi ako unakhala kumbuyo, unandigwadira ngati mlendo, unapita.

Papita zaka makumi atatu ndi chimodzi chichitikire phwando lija. Ndipo Lachiwiri, pamaso pa galasi lija, mwayi unalipo woti ndinene kuti mayi inu mwalakwitsa pawiri. M'malo mwake ndinangosuntha mpando.

Titatuluka ndinauza Noboru kuti andipititse m'mbali mwa mtsinje, pamthunzi. Kumeneko ndinamva munthu akufuula dzina langa popanda ulemu uliwonse. Anali Tomekichi Nosaka, woluka mphasa za tatami uja, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Masiku ano amangokhala pakhomo pa sitolo ya mwana wake, kuthamangitsa ntchentche pa timibulu ta mpunga towotcha.

Anati kodi iwe Genzo sunafe, ife kuno tinamva kuti ku Nagoya anawotcha mtembo wako kalekale. Ndinamuyankha kuti ndikudikira iyeyo atsogole akandisesere malo, poti ntchito ina saitha. Anati ndafota ngati bowa wouma. Ndinati iye watupa ngati mphasa yonyowa. Ndinamva bwino kwa kanthawi, sindibisa.

Nditamufotokozera za mayi wa kambendera uja, anaseka mpaka mano ake oikirira anatsala pang'ono kugwa. Atapukuta misozi anandifunsa kuti chabwino, la imfa ndi bodza laling'ono, nanga lalikulu lija unaliwongola? Ndinati bodza liti. Anati iwe nkhalamba usandiyese mwana, dzanja lako linali m'bandeji kuyambira chipale chofewa chitayamba kugwa mpaka chitasungunuka, unkasema ndi mphuno kodi? Akuti ankadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse, ndipo kulira kwa nyundo yanga ankakudziwa, yolemera ndi yochedwa ngati ng'ombe yokalamba, pamene ya chaka chimenecho inali yopepuka. Akuti dera lonse linkadziwa. Ngakhale amene anaseka pa phwando paja ankadziwa. Anangondisiya chifukwa ndine wamakani, ndipo ankayembekeza kuti tsiku lina ndidzachita manyazi ndekha.

Mwana wanga, ine ndinkayenda m'tauni imeneyo mutu uli m'mwamba, kulandira moni wa ulemu, kumaganiza kuti chinsinsi ndi cha anthu atatu. Fumie anamvera pomwepo, kamtengo ka timibulu kali m'manja. Iye nthawi imeneyo anali kusukulu ya unamwino, sanadziwe kanthu. Anandifunsa kamodzi kokha kuti ababa, n'zoona? Ndinati n'zoona.

Tomekichi sanandipatse mpata wopuma. Anati mphwake Yasunori ndiye wapampando wa komiti ya ngolo yathu tsopano, ndipo anamuimbira foni pomwepo. Yasunori anabwera pa kalole kake, zovala zantchito zili m'thupi. Ndinamuuza zonse ndili pampando wamateyala, alendo akudutsa ndi ayisikilimu wawo.

Yasunori anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati ngoloyo aitulutsa m'galasi kuti ikayende pa chikondwerero cha mu Okutobala, ndipo chikatha thabwalo alichotsa kuti likapakidwe mwatsopano. Lidzakhala pansi masiku atatu okha, kenako lipita kwa wopaka, ndipo likabwerera pamalo pake mwina silidzatsikanso mpaka zaka makumi atatu. Ndinamupempha kuti adzapale dzina langa ndi puleni. Anakana. Akuti zolemba zakale sazifafaniza, ndipo dzina latsopano sangalembe iwo pongomva mawu a munthu mmodzi, ngakhale onse akudziwa. Wosemayo abwere yekha, avomere pamaso pa komiti, agwire burashi ndi dzanja lake. Akapanda kubwera, zikhala mmene zililimu.

Pobwerera Fumie anangoyang'ana pawindo mpaka sitima itadutsa Gifu. Ndinafika kunyumba miyendo itatupa, ndipo ndagona masiku anayi. Lero ndi tsiku loyamba kukhala tsonga. Mlongo wakoyu wavomera kulemba, koma wandiuza kuti akulembera iwe, osati ine.

Sindikuti undikhululukire. Zimenezo ndilibe nazo mphamvu, ndipo ndikudziwa kuti ndachedwa. Mwina dzinalo sulifunanso, uli ndi dzina lako pa magalimoto a kampani yako. Mwina unganene kuti nkhalambayi ikungofuna kufa mtima uli m'malo, ndipo sunganame. Koma ana ako sadziwa kuti bambo wawo anasemapo chinthu choti anthu amakwera sitima kudzachiona. Ine ndinakulanda zimenezo, ndinakulandanso ntchito imene unaibadwira, chifukwa ndinaona kuti wandiposa ndipo ndinachita mantha. Fumie wandifunsa ngati mawu amenewa alembedi. Ndati alembe.

Ukabwera, ngati sufuna kulankhula nane, usalankhule. Ndidzanena zanga pamaso pa komiti ndi pamaso pa ana ako, kenako Noboru adzanditulutsa panja kuti ulembe ndisakuimire kumbuyo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, ndipo ulendo wa ku Hida ndatsala nawo umodzi m'mawondomu.

Undiperekere moni kwa Harumi, umuuze kuti nsomba zouma zimene amatumiza chaka chilichonse m'dzina lako ndimalandira, ndipo ndimadziwa kuti amatumiza ndi iye. Moni kwa adzukulu anga Mio ndi Kanta. Noboru akupereka moni. Makolo athu ndi amayi ako akuyang'anireni nonse, ndipo uzivala zofunda, kumeneko mphepo ya kunyanja siyang'ana kuti ndi chilimwe.

Amayi ako akwanitsa zaka khumi ndi ziwiri chimwalirire, ndipo Masaharu walankhula kale ndi wansembe wa ku kachisi wathu ku Hida. Mwambo wowakumbukira udzakhala Lamlungu pa 12 Okutobala, teni koloko m'mawa. Banja lonse lidzakhalapo. Thabwa lidzakhala litatsika dzulo lake, ndipo komiti idzatidikira kunyumba yosungira ngolo ya dera lathu, thu koloko masana. Malo ogona a anthu anayi tawasungitsa kale.

Chidindo chili m'munsichi ndadinda ndekha.

Ndine bambo wako,
Genzo Shimohata